Kupeka gule wanu woyamba wa pasiteji: kuchoka pa masekondi 30 kufika pa mphindi 7

Mwezi sutha ndisanalandire uthenga wonga uwu pa WhatsApp: "Akulu, atipatsa mphindi 7 pa chionetsero cha mwezi wa mawa, akuti tibwere ndi gule wathuwathu. Masitepe tili nawo ambiri, koma tiyambire pati?" Ena amandiimitsa pakhomo tikamaweruka ku pulakatisi, thukuta lisanaume n'komwe. Ndafotokoza mpaka mawu kusasa, ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizimulozera pano.

Ndikulankhula ndi inu amene kuvina mumatha kale, kaya ndi hip hop, breaking, krump, afro, amapiano kapena contemporary. Mwakhala mukuvina zopeka anzanu kapena kupikisana m'ma battle, mipikisano ija yovina moyang'anizana m'bwalo, tsopano mukufuna kupeka zanu. Wopeka gule ndi uja m'makalata a zikondwerero amamulemba kuti choreographer. Gule wamfupi amene ndikunena pano ndi wa mphindi 5 mpaka 15.

Musamuderere gule wamfupi. Ku London, chikondwerero cha Resolution chomwe chimachitikira ku nyumba ya magule ya The Place chakhala chikuonetsa ntchito za opeka atsopano kuyambira 1990, magule atatu usiku umodzi. Ku Johannesburg, chikondwerero cha Dance Umbrella chinayenda kuchokera 1989 mpaka 2018, ndipo opeka magule Vincent Mantsoe ndi Gregory Maqoma, amene lero dziko lonse limawadziwa, anaonetsako ntchito zawo adakali anyamata. Wopeka aliyense amalowera khomo limeneli.

1. Yambani ndi masamu

Ovina timawerenga nyimbo m'magulu a 8, ndipo gulu limodzi timalitcha eyiti. Pa nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi, eyiti imodzi imadya masekondi 4. Ndiye kuti ka routine kanu ka pa TikTok ka masekondi 30 kali ndi ma eyiti 7 kapena 8 basi. Mphindi 7 ndi ma eyiti 105.

Ambiri akamva 105 amathamangira kusonkhanitsa ma routine onse amene gulu linavinapo, 14 yense, n'kuwalumikiza ngati mabogi a sitima. Apa ndi pomwe pamagwa pafupifupi aliyense. Mphindi yoyamba anthu amakuwa, yachiwiri amaomba m'manja, yachitatu mumawaona akutulutsa mafoni. Si kuti mwavina moipa ayi. Mu battle mumalowa m'bwalo, mumathira zonse zomwe muli nazo kwa masekondi ochepa, n'kutuluka. Pa siteji woonerera wakhala pampando, sangathawe, ndipo chomwe chimamugwira ndi kufuna kudziwa chomwe chichitike kutsogoloku. Masitepe okhaokha, akome bwanji, sam'patsa njala imeneyo.

2. Lembani chiganizo chimodzi

Musanavule nsapato, tengani kope. Lembani m'chiganizo chimodzi chomwe chikuchitika mu gule wanu. Ndikafunsa, kawirikawiri ndimamva zakuti: "Gule wathu akukamba za umphawi, katangale, nkhanza kwa amayi ndi kusintha kwa nyengo." Zonsezo ndi nkhani zenizeni, koma thupi silingavine mitu ya msonkhano. Chiganizo chanu chikhale ndi mneni amene thupi lingachite: kudikira, kusenza, kukankhana, kubisala, kuthawa, kukana kugwa.

Chonga ichi: anthu atatu akudikira minibasi, koma wa ndalama ya thiransipoti ndi mmodzi. Umphawi ulimo kale mmenemo, simufunika kuutchula. Ndipo mwaona kuti chiganizochi chakuuzani kale chiwerengero cha ovina, poima aliyense, ndi amene maso a enawo akumuyang'ana.

3. Chepetsani anthu, yezani malo

Gule woyamba akhale wa munthu mmodzi, awiri kapena atatu. Gulu lanu likakhala la anthu 12, auzeni chilungamo kuti ulendo uno si wa onse. Anthu akachuluka, theka la nthawi ya pulakatisi imathera podikira ochedwa ndi kubwereza zomwe wina anaphonya dzulo. Gwirizanani tsiku loyamba lomwelo za ndalama ya mayendedwe, za kagawidwe ka chilichonse chomwe mungalandire, ndi za dzina lomwe lidzalembedwe ngati wopeka. Magulu ambiri amasweka pa nkhani zitatu zimenezi, osati pa zovina.

Funsani okonza chionetsero kukula kwa siteji m'mamita, mujambule malire omwewo ndi choko pomwe mumayeserera. Ambiri a ife timayeserera pa simenti, m'holo ya tchalitchi kapena m'kalasi ana akaweruka. Simenti sibweza. Kudumpha ndi kugwera pa maondo muzichita kochepa, mutawotha thupi bwinobwino, ndipo zina muzingozisonyeza ndi manja mpaka mutapeza pansi pofewa.

4. Pezani mbewu

Mbewu ndi kachidutswa ka ma eyiti awiri komwe gule yense adzamerepo. Musakatenge mu kanema wa munthu wina. Katengeni ku chiganizo chanu chija.

Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza ndi wa krump, gule uja anabadwira ku Los Angeles kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, wodziwika ndi kugunda phazi pansi, kututumutsa chifuwa ndi kuponya mikono mwamphamvu. Chiganizo chake chinali chakuti akuyesa kukumbukira manja a agogo ake. Kwa masiku awiri ankangondionetsa krump yomwe ndinkaidziwa kale. Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti azimitse sipika, andisonyeze chomwe agogowo ankachita ndi manja. Anagwada, n'kugwira lichero la m'maganizo, n'kuyamba kupeta: kuponya mphale m'mwamba, kuiwakha, kugwedeza cham'mbali kuti gaga asonkhane kutsogolo, kenako kum'kankha ndi chala chimodzi. Atabwereza kachisanu ndinaona kuti nthawi iliyonse akaponya mphale, chifuwa chake chinkatutumuka chokha, monga momwe krump inachizolowezera. Iye sankadziwa n'komwe. Mbewu inali imeneyo: ponya, wakha, gwedeza, kankha.

Palibe chachilendo apa. Pantsula, gule wa m'makomboni a ku South Africa, anatola zambiri ku moyo wa mumsewu, monga kuthamangira sitima ndi kuponya madayisi, ndipo gulu la Via Katlehong lapita naye pa masiteji akuluakulu a ku Ulaya. Ifenso tili ndi wa kabaza akukwera chitunda, mayi akutula ndowa, woitanira minibasi akumenya chitseko. Yang'anani mwachidwi basi.

5. Kulitsani mbewuyo, osawonjezera ina

Apa ndipo pali ntchito, ndipo ndi pomwe malangizo ambiri amalumpha. Amakuuzani kuti pezani ganizo, sankhani nyimbo, yesererani, ngati kuti pakati pa mphindi yachiwiri ndi yachisanu ndi chimodzi pamadzaza pokha. Mukafika pamenepo masitepe amatha, mtima umagunda, ndipo dzanja limathamangira ku routine yakale ija. Likanizeni.

Tengani ma eyiti awiri aja muwazunze. Avineni pang'onopang'ono mpaka atenge mphindi yathunthu, kenako mothamanga mpaka athe m'masekondi atatu. Avineni mutagona chagada. Avineni mutafulatira oonerera. Achepetseni mpaka atsale m'zala zokha, kenako muwakulitse mpaka akuyendetseni kuchoka ngodya ina kufika ina. Zomwe manja amachita zipatseni miyendo, kapena mutu. Yambirani kumapeto kubwerera koyambirira. Chotsani chidutswa chimodzi, pamalo pakepo muime chilili. Ngati muli awiri, wina ayambe, mnzake atsatire patapita mabiti anayi. Kapena wina avine, mnzake azimutchinga. Jambulani zonsezi pa foni. Mukatero kwa sabata imodzi mudzakhala ndi zidutswa zoposa 20, ndipo zonse zidzaoneka za mimba imodzi.

Tsopano lembani chidutswa chilichonse pa kapepala kakekake, mutipatse maina anuanu: "kupeta chogona", "zala zokha", "kuthawa gaga". Yalani timapepalato pansi. Funso loti mudzifunse si lakuti chokoma kwambiri ndi chiti. Funso ndi lakuti: n'chiyani chikupangitsa kuti ichi chibwere pambuyo pa icho? Ngati mungasinthanitse timapepala tiwiri popanda chosokonekera, ndiye kuti pamenepo palibe gule, pali mndandanda chabe.

Njira yomwe imandithandiza ndi kuika lamulo limodzi lomwe woonerera angalione yekha, kenako n'kuliswa. Mtsikana uja lamulo lake linali lakuti sadzuka. Mphindi yoyamba anapeta atagwada, mwakachetechete, popanda nyimbo. Yachiwiri kupetako kunayamba kumulaka: akaponya, manja ankachedwa kuwakha, ngati munthu amene waiwala. Yachitatu ndi yachinayi anayesa njira zonse, chogona, chofulatira, ndi zigongono, mkwiyo ukukula m'chifuwa, koma maondo ali pansi. Pofika pamenepo aliyense woonerera anali atazindikira kuti mwanayu saimirira, ndipo ankalakalaka ataimirira. Atadzuka pa mphindi yachisanu, krump yonse yomwe anaisunga inatuluka kamodzi. Sinapitirire masekondi 40. Masitepe ake anali omwewo amene anandionetsa tsiku loyamba lija ine osagwedezeka, koma ulendo uno tsitsi linandiima, chifukwa anali atandidikiritsa mphindi zinayi. Pomaliza anabwerera pansi, n'kukankha gaga ndi chala chimodzi.

Phunzirani zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, chida chanu champhamvu, kaya ndi kutembenuzika m'mwamba kaya kuzungulira ndi mutu, chili ngati mchere. Chibwere kamodzi, pomwe nkhani yachifuna. Mukachitulutsa koyambirira mwagulitsa kale mbuzi, otsalawo angoona chingwe. Chachiwiri, samalani timipata ta pakati. Ovina ambiri akamaliza chidutswa amazima nkhope, n'kuyenda wamba kupita pomwe chotsatira chiyambire, mwina akukonza malaya. Woonerera amaona zonsezo. Kuyenda kumenekonso ndi gule. Dzifunseni chomwe chikumuchotsa wovinayo pano kupita apo: wakankhidwa, waitanidwa, akuthawa? Ine ndimapatula tsiku lathunthu la pulakatisi loyeserera timipata tokhatokha.

Ndipo phunzirani kuima. Kuima chilili kwa ma eyiti awiri pamaso pa anthu n'kovuta kuposa sitepe iliyonse yomwe mukudziwa, chifukwa thupi limaona ngati mukuwabera nthawi. Simukuwabera. Pamenepo ndi pomwe maso awo amapumira n'kumeza zomwe aona. Kwa ine, pakadutsa mphindi ndi theka popanda chosintha, kaya liwiro, kaya msinkhu, kaya ubale wa ovinawo, ndimadziwa kuti anthu ayamba kutayika.

6. Nyimbo ibwere mochedwa

Mwaona kuti mpaka pano sindinatchule zosankha nyimbo. Ndachita dala. Mukayamba ndi nyimbo yotchuka, woimbayo ndi amene wapeka gule wanu: pomwe biti yagwa inunso mugwa, pomwe yakwera mukwera, ndipo oonerera amaimba nawo m'malo mokuonani. Pewaninso zija zodula nyimbo 6 n'kuzisoka ndi phokoso la mfuti kapena la galasi losweka. Za mpikisano zimenezo, ndipo zimaphwanya gule wanu m'tizidutswa tomwe mwavutika kutilumikiza.

Pezani mnzanu wopanga mabiti kapena woimba ng'oma, abwere ku pulakatisi aone kaye, kenako apange zotsata thupi. Musaope chete. Kupuma kwanu, phazi pa thabwa ndi kukhuluzika kwa malaya ndi nyimbo kale.

Ngati mwasankha nyimbo ya munthu wina, ili ndi mwini wake. Ku Malawi nkhani za umwini wa nyimbo amayendetsa ndi a COSOMA, motsatira lamulo la Copyright Act la 2016. Funsani okonza chionetsero ngati ali ndi chilolezo, ndipo ngati woimbayo mungamupeze, m'pempheni. Kumbukiraninso kuti Facebook, Instagram ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu kapena kutsekereza kanema yemwe ali ndi nyimbo ya eni, ndipo zikatero kanema yemwe mukafunsire mwayi ku zikondwerero wafa.

7. Mukafuna kutapa ku magule a makolo

Tapani, ndi athu. Germaine Acogny wa sukulu ya magule ya École des Sables ku Senegal ndi Sylvia Glasser amene anayambitsa gulu la Moving into Dance ku Johannesburg mu 1978 anamanga ntchito zawo pokumanitsa magule a mu Africa ndi contemporary. Makolo athu nawonso anali opeka: beni ndi malipenga anatenga perete wa asilikali n'kumusandutsa gule, mizere yake ndi kasinthidwe kake n'zoti wopeka aliyense akhale pansi aphunzire.

Koma si gule aliyense amene ali wosangalatsa chabe. Gule Wamkulu ndi Vimbuza, omwe UNESCO inawazindikira mu 2005, komanso Tchopa wa Alhomwe yemwe analembedwa mu 2014, ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Vimbuza ndi wochiritsa odwala. Gule Wamkulu ali ndi za kudambwe zomwe si za pa siteji. Musavale chigoba kapena kutengera kugwidwa mizimu pofuna kuti gule wanu aoneke wachikuda kwa alendo. Pitani kwa akuluakulu ovina gule ameneyo, khalani nawo, funsani chololedwa. Kapondedwe ka phazi, kagwedezedwe ka chiuno ndi kayankhidwe ka ng'oma n'zokwanira kukudyetsani zaka zambiri.

8. Itanani diso la mlendo, kenako dulani

Kutatsala sabata ziwiri, itanani anthu awiri kapena atatu amene sanaonepo pulakatisi yanu. Mmodzi asakhale wovina. Mlongo wanu kapena mlonda wa paholopo amathandiza kwambiri. Musawafotokozere kanthu musanayambe. Mukangoti "gule uyu akunena za agogo anga", aona agogo ngakhale pomwe palibe. Mukamaliza, musafunse ngati zakoma, chifukwa adzati zakoma. Funsani kuti: mwaona chiyani? Mukukumbukira pati? Ndi pati pomwe maganizo anu anachoka? Lembani mayankho, pakamwa mutatseka. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Anthu awiri akaloza malo amodzi kuti anatayika, dulani pamenepo. Nthawi zambiri malowo ndi amene mumawakonda kwambiri, amene munawavutikira milungu itatu. Zimawawa, ndikudziwa. Ndinachotsapo chidutswa cha mphindi yathunthu chomwe mnzanga anachiyeserera mpaka kutupa phewa, ndipo tinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba osalankhulana. Koma gule anapuma bwino chitachoka, ndipo chidutswacho tinadzachigwiritsa ntchito m'gule wina. Akakupatsani mphindi 7 ndipo nkhani yanu yathera pa 5 ndi theka, imani pomwepo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kupyola nthawi: pambuyo panu pali anzanu, ndipo okonza saiwala gulu lomwe linawasokonezera ndondomeko.

9. Kanema ndi mawu ofunsira mwayi

Zikondwerero zambiri zimafuna kanema ndi mawu ochepa ofotokoza. Gonekani foni cham'mbali, muikhazike pa mpando kapena pa njerwa, ionetse thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndi malo onse ovinira. Jambulani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadula, kuwala kukuchokera kumbuyo kwa foni. Osankha akufuna kuona gule, osati luso la wodula kanema. Mawu ofotokoza akhale chiganizo chanu chija ndi ziwiri zitatu zowonjezera, maina a ovina, mwini nyimbo, kutalika kwa gule ndi zomwe mukufuna pa siteji.

Yambirani pafupi. Tumaini Festival ku Dzaleka, yomwe inayamba mu 2014, ndi Blantyre Arts Festival ndi malo omwe ovina amaonekera, ndipo madzulo amodzi m'holo ya kwanuko, magulu atatu mutasonkherana, ndi chionetsero chokwanira. Mukakhwima yang'anani zikondwerero za magule za Kinani ku Maputo ndi JOMBA! ku Durban, yomwe yakhalapo kuyambira 1998. A hip hop, onerani makanema a chikondwerero cha Breakin' Convention, chomwe wovina Jonzi D anayambitsa ku nyumba ya magule ya Sadler's Wells ku London mu 2004, muone momwe anzanu amasandutsira za m'bwalo kukhala za pa siteji.

10. Tsiku lenilenilo

Fikani msanga, mupemphe ngakhale mphindi 10 zoponda siteji. Imvani ngati ikuterera, onani pomwe pali misomali kapena matabwa osiyana, yezani ngodya zanu. Nyimbo ikhale fayilo imodzi, chete yense ali momwemo, pa fulashi ziwiri ndi pa foni. Ngati iseweredwe pa foni, ikani pa flight mode. Wa zokuzira mawu ndi wa magetsi apatseni pepala limodzi lolembedwa zazikuluzikulu: nyimbo iyambe wovina akatani, magetsi azime akatani. Musalembe masekondi, lembani chomwe adzaone ndi maso, monga "akagwada kachiwiri". Zosintha magetsi zisapyole zitatu kapena zinayi.

Yesererani kamodzi gule yense popanda nyimbo, kuti magetsi akathima kapena sipika ikafa mudzapitirize ndi mpweya wanu. Gwirizananinso amene ena onse adzamutsatire zikatero.

Pomaliza penipeni, musadzuke msanga. Sitepe yomaliza ikatha khalani momwemo, werengani ma eyiti awiri mumtima, magetsi azime kapena m'manja muyambe kulira, kenako imirirani pamodzi, weramani kamodzi, mutulukire mbali yomwe munagwirizana. Musaiwale kupempha wina kuti ajambule kuchokera kumbuyo kwa holo. Kanema ameneyo mudzamuonere patapita masiku atatu, kope lili m'manja.